Chipale Chofewa cha M'beseni: Kuphunzitsa Ana Aang'ono za Nyengo ku Lilongwe

Ena mwa ife amene kwathu ndi ku Lilongwe timati tikatsekera, timakathandiza pa sukulu za mkaka za mumzindamo, ndipo Lamlungu m'mawa timakhala ndi ana a Adventurer kutchalitchi. Phunziro lino linabadwira kumeneko, pa sukulu ina ya kumayadi, tsiku lina kumayambiriro kwa Disembala.

Mvula inali itangokata. Madzi anali akutsikabe m'ngalande, ndipo chimanga chimene anthu amadzala m'mphepete mwa misewu ya ku Area 10 ndi Area 43 chinali chitamera. Aphunzitsi a kalasiyo anatsegula buku lalikulu la zithunzi lochokera kunja, limodzi mwa mabuku aja amene amagawa chaka m'nyengo zinayi. Pa tsamba la Disembala panali nyumba yokutidwa ndi zoyera, ndi mwana wovala chijasi ndi magolovesi akuumba chidole cha mphuno ya karoti. Kamtsikana kena ka zaka zisanu kanaimika mkono.

"Madamu, snow agwa liti kwathu kuno? Amayi anena kuti Khrisimasi yayandikira."

Palibe amene anaseka, poti anzake onse ankadikira yankho lomwelo. Ana amenewa chipale chofewa amachidziwa ndithu. Amachiona m'makatuni, pa makadi a Khrisimasi, ndi m'mashopu akuluakulu a ku Old Town ndi ku City Centre mmene amaika thonje pa mitengo ya pulasitiki. Ena ali ndi amalume ku Joni amene anatumiza mavidiyo pa WhatsApp tsiku lija la 10 Julayi 2023, pamene chipale chinagwa mu Johannesburg koyamba chigwereni mu 2012. Koma titawafunsa kuti mvula imene yangokatayo inachokera mbali iti, panalibe woyankha. Titatchula chizimalupsa, anangotiyang'ana.

Tinagwirizana zoti anawo achigwire chinthucho ndi manja awo, popeza mwana wa msinkhu umenewu amamva ndi zala kuposa ndi makutu. Kwa milungu iwiri tinayesa njira zingapo zopangira chipale m'beseni. Zina zinatheka, zina zinatichititsa manyazi. Zimene tinapeza n'zakuti chipale chopanga chimakopa ana kwambiri, koma mphunzitsi akapanda kusamala, anawo amatuluka m'kalasi atasangalala, za nyengo osaphunzirapo kanthu.

Dzina lake, ndi chimene chili

Makolo athu sanatchule dzina chinthu chimene sanachione. Amene anamasulira Buku Lopatulika, limene lakhala m'manja mwa agogo athu kuyambira m'zaka za m'ma 1920, atafika pa Yesaya 1:18 ndi pa Masalmo 51:7 anasankha mawu akuti matalala, chifukwa ndicho chinthu choyera ndi chozizira chogwa kumwamba chimene wowerenga wa kuno ankachidziwa. Pa ulaliki zimamveka bwino lomwe. Koma pa phunziro la nyengo, mwana wokulira mu Sukulu ya Sabata akhoza kuganiza kuti zija za m'katuni ndi matalala omwewa amene amaboola masamba a chimanga. Olemba a pambuyo pake anabweretsa mawu akuti chipale chofewa, ndipo ndi amene tikugwiritsa ntchito pano. Ana akumayadi amangoti snow. Sitinalimbane nawo. Chimene tinalimbikira n'chakuti asiyanitse zinthu ziwirizi.

Mphunzitsi ayenera kuyamba wamvetsa yekha. Mumpweya umene tikupumawu muli chinyezi, madzi osaoneka ndi maso. Munthu akamakwera m'mwamba kumanka kuzizira, pafupifupi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse. N'chifukwa chake ku Dedza kumazizira kuposa ku Lilongwe, ndipo ku Lilongwe, mzinda umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, kumazizira kuposa ku Salima. Kumwamba kwenikweni, kumene kuzizira kwatsika kupitirira madigiri 0, chinyezi chija chimamatirira pa kafumbi kakang'ono n'kusanduka ayezi mwachindunji, chosayamba chakhala dontho. Kachidutswa kameneko kamakula ndi nthambi zisanu ndi imodzi. Johannes Kepler analemba kabuku mu 1611 akudabwa kuti n'chifukwa chiyani nthambizo zimakhala zisanu ndi imodzi nthawi zonse. Wilson Bentley, mlimi wa ku Vermont m'dziko la America, anayamba kujambula tizidutswati mu 1885, ndipo anasiya zithunzi zoposa 5,000. Zithunzi zake zimapezeka pa intaneti, ndipo ana amazikonda. Ife tinasindikiza zinayi n'kumata pakhoma.

Matalala ndi nkhani ina. Iwo ndi dontho la madzi limene laundana mkati mwa mtambo wa mabingu, ndipo mphepo yamphamvu yokwera imalinyamula osalilola kugwa, likumka likutidwa ndi ayezi wina pamwamba pa wina. Mukadula talala lalikulu mumaona mizere ngati ya anyezi. Ndicho chifukwa matalala amagwa masana otentha a nyengo ya mvula, osati m'mawa wa Juni pamene tonse tikunjenjemera.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ambiri a ife sitinkachidziwa, ndipo chinasintha phunziro lonse. Mitambo italiitali imene imaunjikana pamwamba pa Lilongwe masana a Januwale imatalika kupitirira makilomita 10. Kuno kotentha kuno, ukangokwera makilomita pafupifupi 5 kuchokera pa nyanja yamchere, wafika kale pozizira moti madzi amaundana. Mvula yambiri yamphamvu imene imatigwera imayamba ili ayezi ndi chipale kumtunda kwa mtambo, n'kusungunuka ikamatsikira mumpweya wofunda. Choncho yankho loona kwa kamtsikana kaja silakuti kwathu kuno kulibe chipale. Chipale chimapangika pamwamba pa Area 10 dzinja lililonse, kungoti chimasungunuka chisanafike pa denga. Kumene nthaka yakwera mokwanira, monga pa phiri la Kilimanjaro la mamita 5,895, kapena kumene nyengo yozizira imavuta zenizeni, monga m'mapiri a ku Lesotho, chimafika pansi chili chonse. Kwathu kuno, pa Nyika ndi pamwamba pa phiri la Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, chimene chimagwa usiku wa Juni ndi Julayi ndi chisanu.

Zimene tinaika m'beseni

Mawu akuti chipale chopanga ali ndi matanthauzo awiri. Pali chipale chenicheni chopangidwa ndi anthu. Ukichiro Nakaya wa ku Japan anakuza kachidutswa koyamba m'chipinda chozizira ku Hokkaido mu 1936, pa ubweya wa kalulu. Masiku ano kuli makina opopera madzi mumpweya wozizira kuti aundane asanagwe. Ndi amene amathandiza pa malo otsetserekera a Afriski ku Lesotho, ndipo pafupifupi chipale chonse cha pa masewera a Olimpiki a ku Beijing mu 2022 chinali cha makina. Zonsezi zimafuna kuti kuzizire mpaka pafupifupi madigiri 0 kapena kutsika apo, ndiye ife sizikutikhudza. Cha m'kalasi n'chongofanizira: chooneka ngati chipale, koma chosakhala chipale.

Choyamba chimene tinayesa ndi ufa wogula wotchedwa sodium polyacrylate, umene kholo lina linabweretsa kuchokera kunja. Ufawu umamwa madzi ochuluka kuposa kulemera kwake maulendo mazanamazana. Kasupuni kamodzi ka tiyi mukakathira madzi okwana kota ya kapu, pa masekondi ochepa kamafufuma n'kusefukira m'manja, koyera mbee. Ana anakuwa. Kamamveka kozizira chifukwa mbali yaikulu ndi madzi, ndipo madzi akamauma pakhungu amachotsa kutentha, monga mmene thukuta limachitira. Mukakasiya pambale masiku angapo kamauma n'kubwerera ku ufa. Mukakawaza mchere kamafota n'kutulutsa madzi aja.

Ufa wa mtundu womwewu ndi umene umakhala mkati mwa mapampasi a ana. Wa kholo uja utatha, tinang'amba mapampasi atsopano atatu n'kukung'unthira m'pepala la pulasitiki. Sizinafanane. Za m'mapampasi zinapangidwa kuti zigwire madzi, osati kufufuma, ndiye zinatuluka zonanda ngati phala la chinangwa. Tsiku lomwelo mmodzi wa ife, pofuna kuonetsa ukhondo, anatsukira beseni lija mu sinki ya kukhitchini. Paipi inatseka. Madzulo onse tinakhalira kuthira mchere ndi madzi otentha, mayi wophikira ana atangoti manja m'chiuno kumatiyang'ana. Zotsala za ufawu zimatayidwa m'bini, osati mu sinki kapena m'chimbudzi cha madzi. Ndipo choopsa kuposa paipi ndi mwana. Chinthu chimene chimafufuma chikakumana ndi madzi sichiyenera kulowa m'kamwa, m'mphuno kapena m'maso. Ufa wouma agwire wamkulu yekha, ndipo ana osakwana zaka zitatu, kapena aliyense amene akadali ndi chizolowezi cholawa chilichonse, asayandikire n'komwe.

Chachiwiri ndi soda, yemweyu wophikira therere, amene amapezeka paliponse kuyambira m'mashopu mpaka pa mabenchi a mumsika waukulu wa ku Old Town. Makapu atatu a soda mumasakaniza ndi theka la kapu ya kondishona woyera wa tsitsi, kapena ndi thovu lometera ndevu, mpaka zitayamba kugwirana mukafinya. Ngati zimenezo palibe, madzi pang'onopang'ono amathandizanso. Soda akagona mu firiji usiku wonse, zimamveka zozizira bwino. Izi zimaumbika, ndipo ana anaumba chidole chawo cha mphuno ya karoti, ena n'kuumba ng'ombe monga amachitira ndi dongo. Soda ndi wowawa, mwana akalawa amalavula yekha, koma amaluma m'maso ndi pa chilonda, choncho pakhale ndowa ya madzi osamba m'manja pafupi.

Pa intaneti ena amalangiza kugwiritsa ntchito ufa wa chimanga. Ife tinakana. Pakati pa Area 47 ndi Mtandire pali mtsinje wa Lingadzi wokha, ndipo ena mwa ana a Adventurer amene timakhala nawo Lamlungu amachokera tsidya limenelo. Kuseweretsa ufa pamaso pa mwana amene kwawo amaugula pa kapu sitinakuone ngati phunziro.

Vuto la njira ziwiri zonsezi linaonekera mawa lake. Mnyamata wina anabwera ndi agogo ake aakazi, amene anatipatsa moni mwaulemu kenako n'kufunsa: "Kodi aphunzitsi, n'zoona zimene akunena mdzukulu wangayu, kuti kwa azungu kumagwa za m'mapampasi?" Tinaseka, koma mwanayo sanalakwe. Ndi zimene anaona. Chipale cha ufa ndi cha soda sichisungunuka. Mwana amachigwira, amachiumba, amachisiya padzuwa, mawa n'kuchipeza chilipo. Mfundo yaikulu ya phunziro lonse, yakuti chipale ndi madzi, ndi imene beseni limabisa.

Apa m'pamene tinakumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ngakhale kuti ife fodya sitimukhudza. Chinthu chofanana kwambiri ndi chipale chenicheni mu Lilongwe chili m'firiji yakale. Zoyera zija zimene zimamera m'makoma a dipifiriza, zimene amayi ogulitsa ma freezes amadandaula nazo, zimapangika mofanana ndi chipale: chinyezi cha mumpweya wolowa potsegula chitseko chimasanduka ayezi pa khoma lozizira. Tinapempha kwa mayi wina wa kumpingo, tinapala ndi supuni ya pulasitiki mbale ziwiri, n'kuthamanga nazo m'kula bokosi. Ana atazigwira anachotsa manja msanga. Zimenezi zinkaluma ndi kuzizira, ndipo zinkasanduka madzi pakati pa zala.

Kuchokera pamenepo phunziro linadziyendera lokha. Tinatenga ayezi woonekera ngati galasi, kumukulunga m'nsalu yoyera n'kumuphwanya ndi munsi. Potsegula anali atayera. Madzi alibe mtundu, ayezi alibe mtundu, koma akaphwanyika tizidutswa tambirimbiri, kuwala kumagunda uku ndi uku n'kubwerera m'maso mwathu koyera. Ndi chifukwa chomwecho mitambo imayera. Tinadzaza kapu ndi zopala za m'firiji mosatsendera, n'kufunsa ana kuti zikasungunuka madzi afika pati. Aliyense anaika chizindikiro chake ndi choko, pafupifupi onse kukamwa kwa kapu. Madzi anatsalira pansi. Chipale chongogwa kumene chimakhala ndi mpweya wambiri kuposa pamenepo: kawirikawiri masentimita 10 a chipale amatulutsa sentimita imodzi yokha ya madzi.

Amene angafune kuyesa atsate dongosolo ili. Ayambe ndi chenicheni cha m'firiji, ana amve kuzizira ndi kusungunuka. Kenako atulutse cha soda kuti aumbe ndi kusewera mpaka atakhutira, chifukwa chenicheni sichipereka mpata wotere. Pomaliza aike mbale ziwirizo pakhonde padzuwa, n'kuwasiya anawo aweruze okha kuti chabodza n'chiti. Ndipo asaope kuwauza poyera kuti ichi n'chongoyerekeza. Ana sakhumudwa ndi zoyerekeza. Tsiku lonse amaphika nsima ya dothi akudziwa kuti ndi dothi. Tsiku lina magetsi anathima usiku wonse ndipo tinafika ndi madzi okhaokha m'mbale. Tinawafunsa kuti chipale chapita kuti, ndipo kukambirana kwa tsiku limenelo kunaposa masiku ena onse.

Zitini ziwiri

Mwa zonse zimene tinachita, ichi ndicho tingalimbikitse aliyense, ndipo mtengo wake ndi wa ayezi ndi mchere basi. Pezani zitini ziwiri zachitsulo, chotsani mapepala ake, pindani m'mphepete kuti zisacheke. M'chitini choyamba ikani ayezi ndi madzi pang'ono. M'chachiwiri ikani ayezi wophwanya ndi mchere, muyezo umodzi wa mchere pa miyezo itatu ya ayezi, n'kutakasa. Pukutani kunja kwa zonse ziwiri, ziikeni pamthunzi, ndipo imbani nyimbo ziwiri zitatu podikira.

Pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, chitini choyamba chimachita thukuta. Amenewo ndi mame, omwewo amene amanyowetsa nsapato pa kapinga m'mawa. Chachiwiri chimamera zoyera kunja kwake, chifukwa mchere umatsitsa kuzizira kwa ayezi kupitirira madigiri 0. Chimenecho ndi chisanu chenicheni, tizidutswa ta ayezi topangika kuchokera mumpweya wa m'kalasi momwemo, mu Lilongwe, mwezi wa Disembala. Amene ali ndi galasi lokulitsira zinthu aonetse ana timinga take.

Funso lofunsa ndi limodzi: madzi akunjawa achokera kuti? Onse adzati chitini chikudontha. Musatsutse. Thirani Sobo wa malalanje mkati, pukutaninso kunja, ndipo pakapita nthawi mwana mmodzi apukute ndi kansalu koyera. Kansaluko kadzanyowa koma sikadzasintha mtundu. Mwana wa zaka zisanu sangafotokoze za chinyezi, koma amatha kunena kuti mumpweya muli madzi obisala, ndipo pa msinkhu wakewo n'zokwanira. Zimatheka bwino m'dzinja pamene mpweya uli ndi chinyezi chambiri. Mu Sepitembala ndi Okutobala chitini chimachedwa ndipo chisanu chake chimachepa. Chitini cha mchere chija chisagwidwe nthawi yaitali, chimapweteka khungu.

Za mvula ya m'botolo, pamene mumathira madzi otentha m'botolo lagalasi n'kuvundikira ndi mbale ya ayezi kuti madontho apangike kunsi kwake, sitinenapo zambiri. Madzi otenthawo agwire mphunzitsi. Mwana aliyense anaonapo kale zomwezi pa chivundikiro cha poto wa nsima, ndipo kumukumbutsa zimenezo n'kokwanira.

Kutuluka panja

Sabata yachiwiri beseni tinalisiya. Tinadula botolo la pulasitiki la mbali zowongoka, kumtunda kwake n'kukutembenuzira mkati ngati fanulo, pansi n'kuikapo timiyala kuti lisagwe ndi mphepo. Tinathira madzi mpaka kukwirira timiyalato, pamenepo n'kulembapo 0, n'kumata rula. Botolo liyenera kuima poyera, kutali ndi denga ndi mitengo, zimene kumayadi n'zovuta pang'ono chifukwa cha mitengo yambiri. Limawerengedwa nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, kenako madzi n'kubwezeredwa pa 0. Ndi ntchito yomweyo imene a nthambi yoona za nyengo amagwira ku Chitedze ndi ku bwalo la ndege la Kamuzu, kungoti iwo zipangizo zawo n'zolondola kuposa botolo lathu. Ana aang'ono samvetsa mamilimita, ndiye tinkadula kapepala kotalika mofanana ndi madzi a tsikulo n'kukamata pakhoma, tsiku ndi tsiku, mpaka khomalo linayamba kuoneka ngati mapiri. Kwa akuluakulu a Adventurer masamu amakoma: milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa denga la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, patsika malita 2,000, zigubu 100 za malita 20. Mwana amene amatunga madzi pa kiyosiki amamva chiwerengero chimenecho msanga kuposa mnzake wa pampopi wa m'nyumba.

Mlendo wathu wolemekezeka pa sabata imeneyo anali bambo wolondera pa sukulupo, munthu wamkulu amene ana amamudutsa pa geti tsiku lililonse. Poyamba anakana, akuti iwo sukulu sanapite nayo patali. Titawachonderera anakhala pampando kutsogolo, ana n'kukhala pamkeka.

"Agogo, usiku kumazizira nthawi yanji?"

"Kukamacha, mwanawe, tambala atalira kale. Ndipo ukaona nyenyezi zili mbee, kumwamba kopanda mtambo, mwezi wa Juni kapena Julayi, udziwe kuti lero m'pofunika moto. Kukakhala mitambo sikuzizira kwambiri."

Zimene ananenazo n'zimene zili m'mabuku athu a kukoleji: mitambo imabweza kutentha kumene nthaka ikutaya usiku, monga bulangeti, ndipo kukakhala kopanda mitambo nthaka imataya kutenthako mpaka dzuwa litatuluka. Iwo anaziphunzira ndi thupi lawo. Atayamba kufunsa okha mafunso, zinthu zinatembenuka m'kalasimo. Ana awiri a anthu ogwira ntchito m'nyumba za kumayadi, amene pa nkhani ya makatuni ankakhala chete, ndi amene ankadziwa kuti ngumbi zimatuluka mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, kuti nyenje zimalira kukatentha mu Okutobala, kuti mvumbi ndi mvula yosakata msanga. Anzawo anawonjezapo maluwa a jakaranda amene amagwa m'misewu dzinja lisanayambe. Tinajambula chaka chathuchathu pa pepala lalikulu: dzinja, masika, nyengo yozizira, chilimwe, ndipo Khrisimasi inagwera pakati pa chimanga chobiriwira.

Wina angafunse ngati zonsezi n'zoyenera kuvutikira pa ana amene sadziwa n'kulemba komwe dzina lawo. Mmera m'poyamba, komanso thambo la Malawi silikusekanso ndi munthu. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera. Patangotha chaka, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mwana wa zaka zisanu lero adzalima, adzamanga ndi kuyendetsa maofesi a ku Capital Hill pansi pa thambo lotere. Ndipo pali zina zimene ayenera kudziwa chaka chino chomwe: kuti mtsinje ukhoza kudzaza ngakhale pamene iye waima sipanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda, kuti madzi othamanga sawolokedwa ngakhale aoneke osaya, kuti kukamachita ziphaliwali munthu sabisala pansi pa mtengo, amalowa m'nyumba. Tinawaphunzitsa kuwerenga kuchokera pamene aona kung'anima mpaka atamva bingu. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Anaikonda kwambiri mfundo imeneyi moti makolo ena anatidandaulira kuti kunyumba sikukugonekanso mvula ikamabwera, ana ali pawindo kuwerenga mokweza.

Sukulu itatsegulira mu Januwale, ife tisanabwerere kukoleji, tinapitako kukatsanzika. Botolo lija linali litagwa pa tchuthi ndipo bambo wolondera anali ataliimikanso n'kulitchinjiriza ndi njerwa zitatu. Cha m'ma 2 koloko masana, makolo akubwera kudzatenga ana, chimtambo chachitali chinali chitaima cha kumpoto, pansi pakuda bii, pamwamba poyera ngati thonje. Kamtsikana kaja kanakoka bambo ake malaya n'kuloza.

"Adadi, mukuona poyera paja? Pali snow. Koma akamafika kuno akhala atasungunuka."

Bambowo anatiyang'ana ngati ofuna kuti titsutse. Tinawauza kuti mwanayo akunena zoona, ndipo kuti ngati kunyumba kuli zovala pa chingwe, aimbe foni kuti azianule.